Yambani Inu, Agogo

"Ndati lemba!" Amayi anamenya tebulo mpaka sipuni inalira m'kapu. "Lemba kuti mwana wadyetsedwa. Abale onse adziwe."

"Amayi, adokotala sananene zimenezo."

"Adokotalawo ndi amene anakubereka? Lemba, Sekilitale iwe. Foni imeneyo ntchito yake n'chani?"

Sekilitale ndi ineyo. Kungoti ndimataipa fasiti basi, chilichonse chopita pa gulupu ya banja chimadutsa pa zala zanga. Maliro, ukwati, wina akabedwa njinga, zonse ine. Koma iyi ndinakana, foni ndinaibisa m'khwapa.

Tinali m'sitingirumu mwa achimwene. Iwo anali atatsala kuchipatala ndi mwana wawo woyamba, Injiniya. Dzinalo tinamupatsa chifukwa amamasula chilichonse chimene wachipeza, wailesi, tochi, ngakhale loko wa chitseko. Zaka zisanu, koma sikuludiraiva amaigwira kuposa bambo ake. Anayamba ndi chimfine, kenako kutsegula m'mimba ndi kusanza. Tinkati zadutsa. Ndiye mmawa wina anadzuka maso ali chikasu ngati m'kati mwa dzira, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka.

Alamu anali atangobwera kudzachapa zovala zake ndi kumuphikira phala. Anakhala pa mpando wa mashini awo osokera, kamwana kawo Kabatani kali pa miyendo. Alamu si amene anabereka Injiniya, mayi ake anamwalira iye asanayambe kuyenda. Koma womusambitsa, womudyetsa, womuthamangitsa ndi nsapato m'manja, ndi alamu. Iye amawatcha Mami.

"Chabwino, adokotalawo anati chani?" Anafunsa ndi achemwali athu aakulu, amene tonse timawatcha Madamu chifukwa ali ndi kasukulu ka mkaka m'nyumba mwawo.

"Anati chiwindi chatupa. Ayeza malungo, palibe. Ma hepataitisi aja amawadziwa, A, B, C, onse palibe. Akufufuzabe," ndinayankha.

"Ndiye kuti sakudziwa."

"Pakadali pano eya, koma..."

"Basi!" Amayi anawomba m'manja kamodzi. "Munthu wapita sukulu zaka zonsezo, mashini ali nawo, akuti sakudziwa. Ukufunanso chani? Ndi za anthu izi. Ndipo munthu wake sachokera kutali."

Alamu anayankhula motsitsa. "Amayi, chilichonse chimene mwana uja amadya ine ndimayamba kulawa. Mukudziwa. Sadya ngati sindinayambe ine."

Zoona zimenezo. Injiniya sakhulupirira mbale. Kaya ndi mpunga, kaya dzira, amakankhira mbale kwa alamu n'kuti, "Yambani inu." Alamu amatenga sipuni yawo, kulawa, kutafuna mokokomeza, n'kunena kuti, "Zili bwino, bwana." Apo ndiye amadya. Tsiku lililonse, ngati pulezidenti.

"Ndiye kuchenjera kwakeko," anatero Madamu. "Kulawa pamaso pa anthu. Nanga kukhitchini ife timakhalako?"

"Achemwali, ndimuphe ndipindule chani?"

"Ndani wanena za kupha? Mwaona amayi? Wadzinenera yekha."

Guys. Ine mutu unangoti waa.

Chigamulo chinatuluka pomwepo. Alamu asapondenso kuchipatala. Apite kaye kwa achemwali awo obadwa nawo mpaka zinthu zidziwike. Ndipo Kabatani atsale.

"Mwana wanga yemwe?"

"Ndi magazi athu. Mwana wa msinkhu uwu amatola chilichonse pansi, kaya mwabisa pati zinthu zanuzo. Akakhala kwa Madamu, kuli ukhondo."

Alamu anaimbira achimwene, foni ili pa laudi. Achimwene amawotcherera zitsulo, geti yonse amanyamula okha, koma pamaso pa amayi amasanduka waya. Anangoti, "Ingomverani kaye amayi, mayi a Kabatani. Zidutse kaye izi."

Alamu sanalire. Anavundikira mashini ndi nsalu, anathira phala m'fulasiki n'kundipatsa. Amayi anailanda, phala lonse anakakhuthula kuseri. Uthenga umene ndinakana kulemba, Madamu anautumiza okha pa voisi. Pofika madzulo, azakhali amene sanamuonepo Injiniya chibadwire anali atayankha kale kuti iwo ankadziwa.

Mawa lake adokotala anatiitanira m'kachipinda ka pafupi ndi wodi ya ana. Ndi mayi wachitsikana ndithu, wovala magalasi, wooneka kuti watopa ndi anthu ngati ife.

"Kunyumba kuli mankhwala amene mwana akanatha kumwa? Mapiritsi, mankhwala a makoswe, a mbewu?"

"Funsani mayi womupeza," anatero amayi.

"Ndawafunsa kale dzulo. Ndikufunsa aliyense, agogo, si mlandu. M'magazi mwake sitinaone chosonyeza poizoni. Chimene ndikuganizira kwambiri ndi kachilombo, vayirasi. Alipo ena amene amangobweretsa chimfine ndi kutsegula m'mimba, ana n'kuchira okha. Koma mwa apo ndi apo, mwana wina chiwindi chimatupa pambuyo pake. Mwina ndi zimenezo."

"Mwina," amayi anabwereza, akuyang'ana Madamu.

"Eya, mwina. Ndiye ndifunse, kumene amasewera kapena kusukulu kwake, kuli ana ena amene adwala m'mimba kapena chimfine posachedwapa?"

"Ayi," Madamu anayankha funso lisanathe n'komwe. "Amaphunzira kwanga. Ana anga ali bwinobwino. Timasamba m'manja moimba nyimbo."

Nyimbo amaimbadi. Koma beseni ndi limodzi, madzi omwewo kuyambira woyamba mpaka womaliza, thawulo limodzi lopachikidwa pa msomali, makapu awiri kalasi yonse. Ndipo mauthenga a pa gulupu ya makolo amalembetsanso ine. Sabata ziwiri zapitazo ndinkangotaipa kuti "sorry mayi, achire msanga."

"Koma achemwali, si paja ana ambiri..."

Chidendene cha Madamu chinatera pa chala changa.

"Ana ambiri amatani?" anafunsa adokotala.

"Amadwala m'mimba. Ena maso ofiira. Theka la kalasi silimabwera."

"Iwe!" Madamu anaimirira. "Ukufuna unditsekere sukulu? Mwana amene satsegula m'mimba ndi uti? Alipo wina wachita chikasu kwanga kuja? Alipo?"

"Palibe amene akutseka sukulu ya munthu," anatero adokotala, akulemba. "Titenga chimbudzi chake ndi magazi tikayezetse kwina. Zotsatira zimachedwa. Pakadali pano mundimvetse bwino. Mwana asamwe china chilichonse chimene sitinamupatse ife. Ngakhale piritsi la mutu. Chiwindi chake chikugwira ntchito movutikira. Ndipo azidya, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, shuga asatsike."

Titatuluka, amayi ananditcha dzina limene sindingalitaipe. Achimwene ankangowerenga chipepala cha pakhoma chonena za katemera ngati mayeso ali mawa.

Azidya. Kunena n'kosavuta.

Amene anakhala gadiyani ndi amayi, ine wothandizira. Phala likabwera, Injiniya amaliyang'ana, kuyang'ana amayi, n'kukankha mbale.

"Yambani inu."

"Ine? Agogo ako ndilawe? Ukundiyesa ndani iwe? Idya!"

Iye kutembenukira kukhoma. Ine ndimalawa, kutafuna mokokomeza, "Zili bwino, bwana." Amalandira sipuni imodzi, mwina ziwiri, kenako, "Si la Mami ili. Mami ali kuti?"

"Apita kukagula ulusi."

"Dzulonso munati ulusi."

Mwana anatha, serious. Manja ngati timitengo, mimba yokha kutukuka. Ndinamubweretsera tochi yakufa kuti amasule, anangoigwira n'kugona nayo. Anesi anatichenjeza kuti zikapitirira amuika kapaipi m'mphuno. Amayi anati mwaona, zimene anadyetsedwazo zikukana chakudya. Ndikati amayi, mwana akufuna mayi ake, iwo amati mayi ake ali kumanda.

Alamu amandiimbira mmawa uliwonse. Moni palibe.

"Wadya?"

"Pang'ono."

"Pang'ono bwanji? Mukumuika majarini? Usaike, sakonda. Umuuzire kaye lizizire. Nanga Kabatani wamuona?"

"Ali bho, ali kwa Madamu."

"Sindinafunse kumene ali."

Ndinapita kwa achimwene ku shedi yawo. Ndinawapeza akuwotcherera bedi la munthu, magalasi akuda ali kumaso.

"Achimwene, mwana wanu akufa ndi njala inu mukupanga bedi."

"Ndiye nditani? Ndimenyane ndi amayi?"

"Inuyo mukukhulupirira kuti alamu anachita zimenezo?"

"Ayi."

"Ndiye?"

"Zidutse kaye."

Mxii. Ndinachoka ndisananene zoti ndidzapepese.

Zinafika pachimake tsiku lina nthawi ya nkhomaliro, ija amalola anthu kuona odwala. Wodi inali yodzaza, mabeseni, mafulasiki, ana kulira. Amayi anali atachokapo mmawa, akuti kukasamba. Anabwera ndi botolo la juwisi m'chikwama, koma zam'katimo sizinali juwisi. Zakuda, zokhala ndi tizinyalala pansi. Atatsegula, fungo lake mayi wa bedi loyandikana nalo anatseka mphuno ya mwana wake.

"Amayi, chimenecho n'chani?"

"Tsitsa mawu. Kuli bambo wina kuseri kwa msika, amadziwa zinthu. Akuti akangomwa theka, asanza zonse zimene anadyetsedwa. Mawa tikutuluka muno."

"Adokotala anati chani paja?"

"Adokotala ako a mwina aja?"

"Achimwene, mukuona?"

Achimwene anali ataima pa windo. "Amayi, mwina tidikire kaye..."

"Nawenso wayamba mwina? Tidikire mpaka timunyamule m'bokosi? Gwira mutu uyu."

Ndinagwira botolo, amayi anandimenya dzanja. Ndinayang'ana anesi, onse anali mbali ina ndi mwana amene amabanika. Amayi anathira m'kapu mpaka theka, anamudzutsa Injiniya n'kumutsamiritsa pa pilo.

"Imwa, mdzukulu wanga. Ndi juwisi."

Injiniya anayang'ana m'kapu ndi maso ake achikasu aja. Ananunkhiza. Kenako ndi kadzanja kake kaja anakankha kapu pang'onopang'ono.

"Yambani inu, agogo."

"Iwe, ndati imwa."

"Mami amayamba."

Mayi wa bedi loyandikana uja, chimayi chonenepa chogulitsa makala chimene chinali chitatopa nafe kalekale, anayankhira mokweza kuti wodi yonse imve. "Eee, yambani mayi. Mwana wapempha bwinobwino. Si juwisi kodi?"

"Sizikukukhudzani."

"Zikutikhudza, fungo lafika kuno. Mkamwini..., aa, mpongozi wanu munamuthamangitsa mukuti amadyetsa mwana zoipa, koma iye amalawa. Inu zanuzo mukuopa chani?"

Magadiyani onse anasiya zimene amachita. Wina mpaka anakoka mpando. Amayi anayang'ana uku ndi uku, nkhope itauma. Amayi anga mungawauze chilichonse, koma osati kuti akuopa.

"Ndiope mankhwala ine?"

Anapendeketsa kapu, gwa gwa gwa, yonse. Anaiika pansi mwamphamvu, milomo itakwinyika ngati alumidwa ndi mavu. Anayesa kumwetulira.

"Waona? Zili bwino."

"Simunati bwana," anatero Injiniya, n'kutembenukira kukhoma.

Amayi anayamba kuthiranso ina, koma sanamalize. Thukuta linayamba pamphumi. Anakhala pa bedi. Anaimirira. Anagwira pamimba. Kenako mayi wa zaka zawo, amene amati mawondo sawalola kukwera masitepe, anathamanga mu wodi muja ngati mtsikana wa netibo, chitenje m'manja, kulunjika kuchimbudzi. Phokoso limene linachokera kumeneko sindilifotokoza.

Adokotala anafika anesi atawaitana. Ananyamula botolo lija, kununkhiza, kulitseka.

"Mwana wamwa?"

"Ayi," ndinatero. "Amwa ndi agogo ake."

Anavula magalasi n'kutsina pakati pa maso. Kenako anatembenukira achimwene. Sanakweze mawu, bola akanakweza.

"Bambo, munthu wamkulu wa chiwindi chabwinobwino ndi uyo mukumumva uko. Uyu ali ndi makilo angati? Akanamwa izi, lero tikanakamba zina. Ine ndakuuzani kuti sindikudziwa chimene chatupitsa chiwindi chake, ndipo sindichita manyazi kunena. Koma chimene chikanamupha lero ndikuchidziwa, ndachigwira m'manjamu. Mayi amene amamudyetsa uja ali kuti?"

Achimwene asanayankhe, foni yanga inalira. Madamu. Ndinaika pa laudi dala.

"Sekilitale, uli ndi amayi? Usawauze achimwene ako kaye. Kabatani akusanza kuyambira mmawa, m'mimbanso mwatsegula, thupi ndi moto. Ndimati zisiya zokha. Ukuganiza kuti mayi ake anamupatsa chinachake asanachoke?"

Sabata yoposa imodzi mwana ali m'manja mwawo.

Amene anayankha ndi achimwene. Analanda foni. Sindinawamvepo akuyankhula choncho chibadwire.

"Achemwali, mumuveke mwanayo, muime naye pa geti. Mukatchulanso mkazi wanga, geti imene ndinakupangirani ija ndibwera kudzaizula ndi manja."

Anaimbira alamu. Sanayankhe. Anaimbanso, osayankha. Ndinaimba ine, kamodzi kokha.

"Wadya?"

"Alamu, bwerani. Mudzere kwa Madamu mutenge Kabatani, akudwala."

Foni inaduka.

Analowa mu wodi Kabatani ali kumsana, fulasiki m'manja. Ndiye kuti phala amaphika tsiku lililonse kumene anali kuja, kungodikira. Sanapereke moni kwa aliyense. Achimwene anayamba kuti, "Mayi a Kabatani, ine..." iwo anangowadutsa ngati mzati. Anamasula mwana n'kumupereka kwa adokotala. Adokotala anamutsegula zikope, kuyang'ana pa kuwala, ife tonse mpweya titaugwira.

"Maso ndi oyera. Timuyeza magazi, tizimuona tsiku ndi tsiku. Azimwa madzi ambiri."

Apo ndi pamene alamu anapuma. Anakhala pa bedi la Injiniya n'kumugwira phazi.

"Bwana."

Injiniya anatembenuka. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ulusi mwaupeza?"

Alamu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

"Ndaupeza. Unali kutali."

Anathira phala m'mbale, kuuzira, kutulutsa sipuni ziwiri m'chikwama. Iye anakankha mbale. Iwo analawa, kutafuna mokokomeza ngati muli mafupa.

"Zili bwino, bwana."

Anadya. Osati yonse, koma anadya. Chimayi cha makala chija chinaimba m'manja chokha, kenako chinayamba kulira, kaya chifukwa chani. Amayi nthawi imeneyo anali pa benchi panja atawaika dripi yawoyawo.

Kabatani anachira patangopita masiku, maso ake sanasinthe. Injiniya zinatenga nthawi, chikasu chimachoka pang'onopang'ono ngati utoto wa nsalu. Tsiku limene ndinapeza tochi ija ili zidutswazidutswa pansi pa pilo, ndinadziwa kuti munthu wabwerera.

Zotsatira zinabwera tsiku lotuluka. Adokotala anati apeza kavayirasi kaja ka chimfine ndi m'mimba, mwa Injiniya ndi mwa Kabatani momwe.

"Ndiye ndi kameneko?" anafunsa achimwene.

"N'kutheka kwambiri. Koma ana ambiri amakatenga n'kuchira osatupa chiwindi, ngati mng'ono wakeyu. Chifukwa chimene iye yekha zinafika apa, sitikudziwa bwinobwino. Ngakhale kunja akufufuzabe. Chimene mungachite ndi kusamba m'manja ndi sopo pa madzi oyenda, aliyense kapu yake."

Tili pa geti ya chipatala amayi anandikoka. "Wamva? Sakudziwabe."

Ndinangoyenda. Ndikanayankha, akanandigoneka ine mu wodi.

Madamu anagula ndowa ya kampopi ndi makapu a mitundumitundu, n'kundiuza ndilembe pa gulupu ya makolo kuti sukulu yawo ikupita patsogolo. Za alamu sanatchule. Azakhali aja ankadziwa aja anangotumiza timanja topemphera.

Loweruka lotsatira amayi anabwera kwa achimwene kudzaona mdzukulu. Anakhala pa mpando womwe uja anaweruzira mlandu. Alamu anawapatsa moni wa mwaulemu, wouma ngati buledi wa dzana, anawaikira tiyi pa tebulo n'kubwerera pa mashini. Injiniya anali pansi akumasula rimoti.

"Sekilitale, lemba pa gulupu. Uti mwana wachira, tikuthokoza onse chifukwa cha mapemphero."

"Ndilembenso kuti alamu sanalakwe?"

"Zimenezo zinadutsa. Ukufuna kudzutsanso chani?"

"Voisi ija ikadali pompo, amayi. Aliyense akhoza kuimvera."

"Lemba zimene ndakuuza."

Ndinalemba zimene anandiuza. Pansi pake ndinawonjezera zanga, mayina a amene ananama ndi amene ananamiziridwa, botolo la juwisi lomwe, n'kutumiza. Foni inayamba kunjenjemera nthawi yomweyo, ndinaigadabuza.

Tiyi uja anali akadali pomwepo. Nthunzi inatha, pamwamba panayamba kuchita kakhungu. Amayi amayang'ana kapu, kuyang'ana msana wa alamu, kuyang'ananso kapu. Alamu amaona zonse pa galasi la kabati, koma phazi silinachoke pa mashini.

Injiniya anasiya rimoti. Anapita kukhitchini, anabwera ndi kasipuni kake. Anatunga tiyi wa agogo ake, kumwa, kutafuna mokokomeza.

"Ndayamba ine, agogo. Zili bwino. Imwani."

Mashini anaima.

Amayi ananyamula kapu ndi manja awiri. Anamwa pang'ono, anamwanso. Maso ali m'kapu momwemo anati, "Shuga wachepa."

"Ali pa shelefu," anatero alamu, n'kupondanso mashini. "Mukathire nokha, amayi. Ine ndingakudyetseni."